Kugwira ndi Kutaya kwa Mnofu

Munthu akatsirizika pakhomo, achikulire amene ali pafupi sayamba ndi kulira. Wina amatseka maso a malemuyo, wina amamanga chibwano ndi kansalu, manja ndi miyendo amaziwongola bwinobwino, kenaka ndi pamene mfuu imamveka. Amafulumira chifukwa amadziwa kuti pakangopita maola ochepa thupi liyamba kuuma, ndipo likauma silipindikanso. Kuumako kumayambira m'zikope, m'nsagwada ndi m'khosi, n'kumatsika mpaka kumapazi, ndipo pomakwana maola 12 kumakhala kutagwira thupi lonse. Adzukulu amadziwanso kuti kukamatentha mu Okutobala kumabwera msanga kusiyana ndi mu Juni, ndi kuti pakatha tsiku limodzi kapena awiri thupilo limafewanso lokha.

Nkhani imeneyi yakhala ikundiimitsa mutu kuyambira ndili wamng'ono. Munthu akakomoka amalobodoka. Mwana akagona tulo kumsana kwa mayi ake, khosi limangoti lende. Nanga bwanji amene mphamvu zamuthera kotheratu ndiye amalimba gwa? Anthu a sayansi anatenga zaka zoposa 100 kuti afike pa yankho, ndipo yankholo limatembenuza mmene ambirife timaganizira za mphamvu za thupi. Mnofu sudya chakudya pogwira pokha ayi. Umafunikanso chakudya kuti utaye chimene wagwira, ndipo chakudyacho chikasowa umangokhala chigwirire.

Mukaphika nyama ya ng'ombe mpaka kufewa n'kuing'amba ndi zala, imapatukana timaulusi titalititali. Kaulusi kalikonse kamene mukukaona ndi maso ndi mtolo wa maselo ambiri. Selo limodzi la mnofu ndi lowonda mofanana ndi tsitsi, koma limatha kutalika masentimita angapo, ndipo m'kati mwake mwadzaza timizere mazanamazana togona motsatira utali wake. Pa maikulosikopu timizere timeneti timaoneka ndi mabande opingasa, lakuda, loyera, lakuda, loyera, kuyambira kuno mpaka uko. Kagawo kamodzi kobwerezabwerezako amakatcha sarcomere. N'kakang'ono zedi: pa sentimita imodzi pamandandalika timagawo pafupifupi 4,000. Zonse zimene mnofu umachita, kaya n'kuphethira, kaya n'kukweza thumba la chimanga pangolo, zimachitikira m'timagawo timeneti.

Mu 1864 Wilhelm Kühne wa ku Germany anatulutsa puloteni ina mu mnofu n'kuitcha myosin. Panapita zaka zambiri popanda wodziwa ntchito yake yeniyeni, mpaka mu 1939 pamene Vladimir Engelhardt ndi mkazi wake Militsa Lyubimova, ku Moscow, anapeza kuti myosin imadula kamolekyu kotchedwa ATP. Kamolekyu kameneka ndi kamene selo lililonse limapanga kuchokera ku chakudya ndi mpweya wa okosijeni. Nsima imene mwadya imasanduka shuga m'magazi, shugayo amalowa m'maselo, ndipo mphamvu yake imasungidwa mu ATP. Ndiye kuti puloteni imene imamanga mnofu ndi yomweyonso imene imamasula mphamvu yoyendetsera mnofuwo.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili m'kati, mumzinda wa Szeged ku Hungary, gulu la Albert Szent-Györgyi linapitiriza ntchitoyi. Mu 1942 mnyamata wina wa m'gululo, Brunó Straub, anapatula puloteni yachiwiri n'kuitcha actin. Iwo anaphatikiza myosin ndi actin, n'kupanga timaulusi, n'kutiika m'madzi a mchere. Atathiramo ATP timaulusito tinafupika iwo akuona. Panalibe nyama yamoyo, panalibe ubongo, panalibe minyewa, koma mapuloteni awiri ndi ATP basi. Ndimati ndikaganizira zimene anthu amenewa anamva tsiku limenelo, mtima umandigunda, chifukwa chinthu chimene kuyambira kalekale chinali chizindikiro cha moyo, ndiko kuyenda, chinachitika m'kambale ka galasi.

Komabe funso linatsala: kufupikako kumachitika motani? Pafupifupi aliyense ankakhulupirira kuti mapuloteniwo amadzipinda n'kukhwinyata. Maganizo amenewa anagwa pa 22 Meyi 1954, pamene magazini ya Nature inasindikiza malipoti awiri motsatizana. Loyamba linali la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke a ku Cambridge, amene ankayang'ana maselo amoyo a mnofu wa chule pa maikulosikopu imene Andrew anakonza yekha. Lachiwiri linali la Hugh Huxley ndi Jean Hanson, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku MIT ku America, ndipo ankagwiritsa ntchito mnofu wa kalulu. A Huxley awiriwa sanali pachibale, dzina linangofanana. Magulu onse awiri anaona chinthu chimodzi: mnofu ukamafupika, bande lakuda silisintha utali wake, limene limachepa ndi loyera lokha. Bande lakudalo ndi pamene pagona timitolo tonenepa ta myosin. Timaulusi toonda ta actin tamangika kumalire a sarcomere, mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo nsonga zake zalowa pakati pa timitolo ta myosin. Palibe chimene chimakhwinyata. Timaulusi toonda timangotsetsereka kulowa m'kati, malire awiri aja n'kuyandikizana. Dzina la Jean Hanson silitchulidwa kawirikawiri, ndipo zimenezi zimandiwawa, chifukwa luso lake pa maikulosikopu ndi limene linachititsa kuti theka la umboniwu lioneke. Anamwalira mu 1973.

Chimene chimakoka timaulusito ndi timitu. Mtolo umodzi wa myosin uli ndi mamolekyu pafupifupi 300, ndipo molekyu iliyonse ili ndi mchira wautali ndi mitu iwiri. Michira yalukana kupanga thunthu la mtolowo, mitu yatulukira m'mbali kuyang'ana kumene kuli actin. Amene anaonapo asodzi akukoka khoka ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota sangavutike kumva zimene mituyi imachita. Anthu amandandalika pa zingwe ziwiri, aliyense amagwira, amatsamira m'mbuyo n'kukoka, ndipo amene wafika kumtunda amataya n'kuthamangira kumadzi kukagwiranso patsogolo. Chingwe sichifupika, anthunso safupika, koma khoka likubwera. Ndipo chinsinsi chake n'chakuti sataya onse nthawi imodzi. Pamene ena akusintha malo, ena amakhala atagwira, apo ayi nyanja ingalande khoka lija. Koma taganizirani atati onse agwire n'kulephera kutaya. Chingwe chingakungike ndithu, koma khoka silingasunthe, kutsogolo kapena kumbuyo. Mitu ya myosin imasiyana ndi asodziwo pa chinthu chimodzi, chakuti siyenda. Ili yomangika pa mtolo wake, imangopindika pakhosi.

Kupindika kumodzi kumasuntha actin pang'ono kwambiri. Mu 1994 Jeffrey Finer, Robert Simmons ndi James Spudich, ku Stanford, anatha kuyeza molekyu imodzi yokha ya myosin. Anamangirira kaulusi ka actin pa timikanda tiwiri togwidwa ndi kuwala kwa laser, n'kukatsitsira pa myosin, ndipo anaona kakugwedezeka ndi mananomita pafupifupi 11. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita mukaigawa ka 1,000,000. Koma tawerengerani. Selo la mnofu lotalika masentimita 10 lili ndi timagawo 40,000 pamzere umodzi. Kagawo kalikonse kakafupika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, zimene zimangofuna kuti mitu ya mbali iliyonse ikoke mobwereza pafupifupi ka 23, selo lonse lafupika ndi masentimita awiri. Pamkono, masentimita awiri amenewo akakoka fupa pafupi ndi chigongono, dzanja limayenda mtunda wautali.

Tsono ATP imalowa pati? Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1971 Richard Lymn ndi Edwin Taylor, ku Chicago, anayeza liwiro la sitepe iliyonse n'kupeza ndondomeko yake. Tiyambire pamene mutu wamaliza kukoka. Umakhala utakanirira pa actin, ndipo paokha sungachoke. ATP ikabwera n'kulowa m'kamphako ka pamutupo, mutu umasintha kaumbidwe pang'ono n'kutaya actin. Uli wotaya choncho umadula ATP ija pawiri, kukhala ADP ndi phosphate, ndipo mphamvu ya kudulako imauwongola n'kuukunga kuti ukhale wokonzeka. Kenaka umagwira actin patsogolo pang'ono, umalavula phosphate, n'kupindika mwamphamvu. Uku ndiye kukoka kuja. ADP imachoka, mutu n'kutsalanso utakanirira, kudikira ATP ina. Choncho ntchito yoyamba ya ATP ikafika si kukoka, koma kumasula.

Pa chinkhoswe cha mchemwali wanga tinapha mbuzi m'mamawa, mame asanaume. Titaisenda, nyama ya pantchafu inkanjenjemera yokha, apa pang'ono, apo pang'ono, makamaka mpeni ukaikhudza. Ana amene anaunjikana kudikira chiwindi anabwerera m'mbuyo. Amalume, amene ankatsogolera ntchitoyo, anangoti, "Musaope ana inu, nyama imachedwa kumva kuti mwini wake wapita." Ananena zoona. Mtima ukaima, maselo a mnofu safa nthawi yomweyo. Amakhala adakali ndi ATP, ali ndi nkhokwe ina yotchedwa creatine phosphate yobwezeretsera ATP mwachangu, ndiponso ali ndi shuga wosungidwa amene amatha kumuphwanya popanda okosijeni. Pofika masana mwendo umene tinapachika pamtengo wa mango unali utauma, bondo losapindika ngakhale ulikanikize. Nkhokwe zija zinali zitatha, ndipo mitu ya myosin mabiliyoni osawerengeka inali itagwira komaliza popanda choimasula. Kufewa kumene kumabwera pambuyo pake si kuti mituyo yataya. Ndi ma enzyme a m'selo momwemo amene amayamba kudula mapuloteni omanga sarcomere. N'chifukwa chake ogulitsa nyama amene ali ndi zipinda zozizira amaipachika masiku angapo asanaigulitse.

Koma ngati mnofu wamoyo uli ndi ATP nthawi zonse, n'chiyani chimauletsa kukoka kosalekeza? Yankho linayamba kuoneka ku London mu 1883. Sydney Ringer ankasunga mitima ya achule ikugunda m'madzi a mchere, ndipo inkagunda kwa maola ambiri. Kenaka anatulukira kuti womuthandiza wake ankatunga madzi a pampopi m'malo mwa madzi otchezedwa opanda chilichonse. Atabwereza ndi madzi otchezedwa, mitima inaleka msanga. Madzi a pampopi a ku London anali ndi kashiamu. Dzina la Ringer likadali pa mabotolo a dilipi m'zipatala zathu, ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 madzi a Ringer's lactate ndi amene anabweza anthu ambiri amene anafika kuchipatala atatheratu madzi m'thupi.

Mmene kashiamu amagwirira ntchito anafotokoza ndi Setsuro Ebashi wa ku Tokyo m'zaka za m'ma 1960. Pa kaulusi ka actin pagona puloteni ina yaitali, tropomyosin, imene imaphimba malo ogwirapo myosin. Pa tropomyosin iliyonse pakhala puloteni ina, troponin, imene Ebashi anaitulukira. Munthu akafuna kukweza dzanja, uthenga wa magetsi umatsika ndi mnyewa kuchokera mu msana. Pamapeto pa mnyewawo pamatuluka mankhwala otchedwa acetylcholine, amene amayatsa magetsi ena pa khungu la selo la mnofu. Magetsiwo amalowa m'kati kudzera m'timapaipi, n'kutsegula timatumba tosungira kashiamu tozungulira timizere tija. Kashiamu amakhuthukira pa troponin, troponin imasuntha tropomyosin, malo ogwira aja amavundukuka, ndipo mitu ya myosin imayamba ntchito. Zonsezi zimatha munthu asanaphethire.

Kuti mnofu umasuke, kashiamu uja ayenera kubwerera m'timatumba, ndipo sabwerera yekha. Pa khungu la timatumbato pali mapampu, nawonso mapuloteni, amene amadya ATP imodzi kuti akankhe tinthu tiwiri ta kashiamu. Mapampuwa amachititsa kuti kashiamu woyandama m'selo lopuma akhale wochepa pafupifupi ka 10,000 poyerekeza ndi wa kunja kwa selo. Ndiye munthu amene wakhala phee pamkeka, manja ali lende, thupi lake likulipirabe kuti minofu ikhale yofewa choncho. Mtembo uli ndi mavuto onse awiri pamodzi: mapampu aima, kashiamu wadontha n'kuvundukula actin, ndipo palibe ATP yochotsa mitu imene yagwira. Kuyambira pamene ndinamvetsa zimenezi, ndikagwira dzanja la munthu wogona tulo ndimaona kufewa kwake ngati ntchito imene ikuchitika, osati ngati kusowa kwa ntchito.

Makolo a Chimang'anja a ku chigwa cha Shire ankadziwa njira yosokonezera dongosolo limeneli, ngakhale sankalitchula ndi mayina amenewa. Ankapaka mivi yawo ulembe wochokera ku njere za chomera choyanga chotchedwa kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi umene unayamba mu 1858, anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinafika ku Edinburgh, kumene Thomas Fraser anatulutsamo mankhwala otchedwa strophanthin, amene pofika m'zaka za m'ma 1880 anayamba kuperekedwa kwa odwala mtima. Dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe mpaka lero. Mankhwalawa amatseka pampu ina ya pa khungu la selo, imene imatulutsa sodium. Sodium akachuluka m'kati, njira yotulutsira kashiamu imafooka, ndipo kashiamu amaunjikana. Mankhwalawa akakhala ochepa, mtima wofooka umafinya mwamphamvu. Akachuluka, mtima umasokonezeka n'kuima, ndipo mtima wa chule umaima uli wofinya. Alenje amene anasankha chomera chimenechi pakati pa zomera zonse za m'nkhalango, n'kudziwa kakonzedwe kake ndi mlingo wogwetsa nyama yaikulu, anachita kafukufuku weniweni, ngakhale mayina awo sanalembedwe.

Kafumbata amalowera khomo lina. Mnofu wa wodwalayo ulibe vuto lililonse, ATP ilipo, mapampu akugwira ntchito. Kachilombo kake, Clostridium tetani, kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kakalowa pabala kapena pa mchombo wa khanda kamatulutsa poizoni amene amakwera ndi minyewa mpaka mu msana. Kumeneko amatseka pakamwa maselo amene ntchito yawo ndi kuuza minyewa ina kuti ikhale chete. Uthenga woti mnofu ugwire umangobwera osaleka. Nsagwada zimalumana, khanda limaleka kuyamwa, msana umapindikira kumbuyo. Katemera amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo amateteza mayi ndi mwana yemwe ku zimenezi. Apanso tikuona kuti ngakhale m'minyewa, kukhala chete kuli ndi antchito akeake.

Mtima ndi mnofu umene nkhani ya kutaya imaonekera poyera kuposa pena paliponse. Umadzaza magazi pamene wamasuka, ndipo mitsempha yodyetsa chipinda chake chachikulu cha kumanzere imalandira magazi ambiri pa nthawi yomweyo ya kumasuka, chifukwa ukafinya umapana mitsempha yake yomwe. Mtima umene sumasuka bwino sudzaza bwino, ndiponso sudya bwino. Okonda mpira akukumbukira tsiku la 26 Juni 2003, pamene Marc-Vivien Foé wa timu ya Cameroon anagwa pakati pa bwalo mumzinda wa Lyon, m'chigawo chachiwiri cha masewero awo ndi Colombia, popanda womugunda. Anali ndi zaka 28. Madokotala atapima thupi lake anapeza matenda otchedwa hypertrophic cardiomyopathy, amene makoma a mtima amanenepa mopitirira. Matendawa si osowa kwenikweni, amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 500 alionse, ndipo amayenda m'magazi a pabanja. Ambiri amakalamba nawo osadziwa, koma ena amawagwetsa ali anyamata.

Mu 1990 gulu la Christine ndi Jonathan Seidman ku Boston linapeza gwero la matendawa m'banja lina lalikulu la ku Canada. Mu myosin ya mtima wawo, imene ndi unyolo wa ma amino acid pafupifupi 2,000, imodzi yokha, ya nambala 403, inali yosinthika. Kuchokera pamenepo papezeka zosinthika zina zambiri, mu myosin ndi m'mapuloteni ena a sarcomere. Chimene chinadziwika pambuyo pake n'chakuti mu mtima wabwinobwino mitu yambiri ya myosin siigwira nawo ntchito pa kugunda kulikonse. Imakhala itapindidwira kumbuyo, itagona pa thunthu la mtolo, ikudya ATP pang'ono kwambiri, ndipo imadzutsidwa munthu akayamba kuthamanga kapena kunyamula katundu. Mwa odwala ambiri a matendawa mitu yochuluka imakhala ili chidzukire. Mtima umafinya mopitirira muyezo, umawononga ATP, umachedwa kumasuka, ndipo pakapita zaka umanenepa n'kuuma.

Kwa zaka zambiri mankhwala otchuka a mtima, monga a kombe aja ndi digoxin, anali owonjezera mphamvu ya kufinya. James Spudich, yemwe uja anayeza molekyu imodzi ya myosin, pamodzi ndi a Seidman ndi anzawo ena, anafunafuna mankhwala ochita zosiyana. Mu Epulo 2022 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza mavacamten, m'bulu wakumwa umene umamatirira pa mutu wa myosin ya mtima n'kubweza ina mwa mituyo kuti igone. Odwala ambiri amene ankapuma mobanika akakwera kamtunda amapeza bwino. Koma mlingo wake ndi wofunika kusamala kwambiri, ndipo wodwala amayenera kumaunikidwa mtima pa sikani pafupipafupi, chifukwa mitu yogona ikachuluka mtima umalephera kupopa magazi okwanira.